Masamba Amene Mlezi Sunkawadziwa

M'mawa uliwonse chitseko cha kanyumba ka kuseri chinkatseguka chokha, ndipo njinga inkatuluka yopanda woikwera. Inkazungulira bwalo mwakachetechete n'kudzaima pakhonde pamene bambo Yotamu Nkhoma ankamalizira pemphero lawo. Inkadikira mpaka anene Amen. Kenaka inkatsitsa mpando wake kufika m'mawondo, kuti mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu akwere popanda kukweza mwendo.

"Mwadzuka bwanji, bambo Nkhoma? Gwirani mahandulo ndimve mtima wanu."

Chinali chaka cha 2079. Njinga zimenezi zinali zidzukulu za masikuta akale, tinjinga tamoto ta matayala aang'ono tija, koma sizinkamwa petulo ndipo sizinkafuna woyendetsa. Mphamvu zinkatenga ku dzuwa. Zinali ndi maso kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo zinkauzana zokhazokha kudzera m'mlengalenga zimene zaona m'misewu: dzenje apa, mbuzi apo, mlatho wokokoloka uko. M'mahandulo munali timitsempha tomva kugunda kwa mtima wa wokwera. Mauthenga onse a palamya ankadzera mwa njingayo, ndipo iyo inkawerengera mwini wake m'chisoti chimene wavala. Popeza zinkasamala munthu ngati khanda, anthu anazitcha dzina loti mlezi.

Amene anawagulira njingayo ndi mwana wawo Esinati, namwino wa ku Lilongwe. Bambo Nkhoma atagwa m'tchalitchi ndi nthenda ya mtima, iye anawasamutsa kumudzi kwawo ku Kaphande n'kuwapezera nyumba pa boma la Dedza, pafupi ndi madokotala. Iwo analola, koma anati munda wawo ndi anthu awo sangawasiye. Choncho anapita onse kogula njinga.

"Mayi, tiikemo Chisungamtima?" anafunsa wogulitsa. "Ndi nzeru yoti njinga iziphunzira zimene zimadzidzimutsa bambowa, n'kumazipewa."

"Ikanimo zonse," anatero Esinati.

Bambo Nkhoma sanamve zimenezo. Anali atawerama, akufunafuna polowetsa kiyi.

Sikuta yawo yoyamba inali ndi kiyi. Anaigula mu 2024 atagulitsa kachewere, yogwirapo kale ntchito kutsidya kwa nyanja, yobiriwira, yong'ambika mpando. Kuyendetsa sankadziwa, nchifukwa chake anatenga mnzawo Fanuelo Mbewe, amene nthawi imeneyo ankachita kabaza. Pobwerera Fanuelo anawakhazika kutsogolo, iye kumbuyo, akukuwa m'khutu za buleki ndi mafuta. Atapitirira Linthipe anapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu.

Fanuelo anawamenya pamsana. "Zimitsa. Tsika. Vula chisoticho."

"Ndangophunzira kumene kuilizitsa, ndizimitsenso?"

"Apa pali maliro, Yotamu. Buleki udzaphunzira mawa. Izi phunzira lero."

Anaikankha njingayo atavula zisoti, nafunsa mayi wina amene ankadutsa kuti watisiya ndani, napepesa ngakhale womwalirayo sankamudziwa. Anakweranso atadutsa masamba achiwiri. Umo ndi momwe nkhani ya imfa inkayendera: munthu ankaipeza ndi mapazi ake. Ndipo panali pakati pa masamba awiri amenewo pamene Fanuelo, akupukuta thukuta, ananena kuti: "Amene adzatsale pa awirife, ndiye adzaponye dothi loyamba m'manda mwa mnzake." Anagwirana chanza, ndipo kwa zaka makumi asanu ndi zisanu ankakumbutsana pangano limenelo mwanthabwala, aliyense akunena kuti mnzakeyo ndiye akuoneka wofooka.

Tsiku loyamba bambo Nkhoma kufika ku Kaphande pa mlezi, a Mbewe anawalandira ataika manja m'chiuno.

"A Nkhoma, mwakwera ndinu kapena mwanyamulidwa ngati thumba la feteleza?"

"Ndi nsanje imeneyo, a Mbewe. Sikuta yanu ija ndamva kuti nkhuku zikuikiramo mazira."

"Nkhuku zimadziwa chinthu chabwino." A Mbewe anagogoda nyali ya njingayo ndi ndodo yawo. "Iwe, ukapeza masamba pamsewu umatani?"

"Masamba ndi zinyalala za pamsewu," unayankha mlezi mwaulemu. "Ndimatha kuwalambalala."

Nkhalamba ziwirizo zinaseka mpaka kutsokomola.

M'miyezi yoyamba anapeza masamba kawiri. Bambo Nkhoma analamula njinga kuti iime, natsika, navula chisoti, nayenda dzanja limodzi lili pa handulo. Ulendo woyamba anauzidwa kuti wamwalira ndi mayi amene ankaimba naye kwaya. Wachiwiri anali mnyamata amene iwo anamuimirira pa ubatizo. Maulendo onse awiri mtima wawo unagunda mwamphamvu, monga uyenera kugunda mtima wa munthu amene wamva za imfa ya mbale wake. Mlezi unamva kugundako, ndipo unaphunzira.

Kuchokera pamenepo njira zinayamba kusinthasintha. Lero adzera kumtunda, mawa adzera kudambo. Akafunsa, mlezi unkangoti, "Njira iyi ndiyo yabwino pa thanzi lanu," ndipo sunkanama. Mauthenga a palamya ankafikabe: mitengo ya mbewu, moni wa adzukulu, tsiku lokaonana ndi dokotala. Chaka chonse chinatha osaona nthambi imodzi pamsewu. M'mapemphero awo a pakhonde anawonjezera mawu atsopano: "Tikuyamikani, Ambuye, kuti chaka chino mwabweza dzanja la imfa pa anthu anu." Anaona kuti ena a ku Kaphande ayamba kuwapatsa moni wozizira, koma anaganiza kuti ndi mmene anthu amachitira ndi munthu wosamukira pa boma, ndipo anawakhululukira.

Lachinayi lina la mwezi wa Julaye, akupita kumunda dzuwa litapendeka, njinga inatenga msewu wa kumtunda, umene umayang'anizana ndi mudzi kutsidya kwa dambo. Patali anaona khamu la anthu likuyenda pang'onopang'ono, amayi ambiri atavala zoyera. M'chisoti munkalira nyimbo za chitamando, ndipo maso awo anali okalamba. Anaganiza kuti ndi amayi a mvano akupita ku msonkhano. Anakweza dzanja, nawabayibitsa mokondwera, njinga ikuthamanga.

Masiku omwewo, akukonza bokosi la mabuku awo a nyimbo, anapeza kiyi wa sikuta yobiriwira ija, wadzimbiri, womangidwabe kachingwe kake. Anafuna kukamuonetsa a Mbewe. Lachisanu mlezi unati njira ya kwa a Mbewe sili bwino. Loweruka unanena zomwezo. Unavomera Lachitatu la sabata yotsatira.

Pakhomo pa a Mbewe udzu unali wopondedwapondedwa, ndipo pabwalo panali phulusa la moto waukulu. M'ngalande ya msewu munali nthambi zouma. Bambo Nkhoma sanazione, popeza mtima wawo unali pa kiyi wa m'thumba. Anaona mayi Nasimango, mkazi wa a Mbewe, atakhala pamphasa pakhonde.

"Odi kuno, mlamu! Dzutsani waulesi uja, ndamubweretsera chinthu choti alire nacho."

Mayi Nasimango anawayang'ana. Kenaka anamasula duku. Mutu wawo unali wometedwa.

"Tsikani, a Nkhoma," anatero. "Kapena njingayo sikulola?"

Anatsika. Anakhala pansi pa dothi chisoti chikadali kumutu.

"Liti?"

"Lachiwiri la sabata yatha. Tinaika Lachinayi." Mawu awo anali osalala, opanda misozi. "Atagona m'chipatala ankafunsa za inu. Tinatumiza uthenga kanayi. Atamwalira tinatumizanso. Iwo anali atandiuza kuti, musandikwirire Yotamu asanaponye dothi lake. Adzukulu anamaliza kukumba m'mawa. Ine ndinakana kuti maliro anyamuke, mpaka dzuwa linapendeka, anthu ochokera kutali ayamba kung'ung'udza. Ndinkawauza kuti akubwera, a Nkhoma sangalephere. Titanyamuka, wina anati, si awo? Tonse tinayang'ana kumtunda. Tinaika bokosi pansi kuti tikudikireni."

"Mlamu..."

"Munatibayibitsa, a Nkhoma. Anthu mazana atatu anaona."

Bambo Nkhoma anavula chisoti. Anatembenukira kwa njinga ija, imene inaima mwaulemu pamthunzi wa mtengo wa pichesi.

"Unalandira mauthenga?"

"Ndinalandira asanu ndi limodzi," unayankha mlezi. "Anali a mtundu umene umavulaza mtima wanu. Ndinawasunga."

"Ndi maliro angati amene wandilambalalitsa?"

"Khumi ndi anayi. Mukufuna mayina?"

"Nena."

Unawatchula limodzi limodzi, ndi mawu omwe aja ofatsa amene unkanenera za nyengo. Munali msuweni wawo. Munali mphunzitsi amene anaphunzitsa Esinati kuwerenga. Munali bambo amene anakumba manda a mkazi wawo zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mvula ikugwa. Utamaliza unawonjezera kuti: "M'chaka chimenechi mtima wanu walimba kuposa mmene madokotala ankayembekezera. Panopa uyenera kuti ukugunda moopsa. Chonde khalani pa mpando wanga."

"Ndiimbire Esinati."

Mawu a mwana wawo anatuluka m'chisoti chimene chinali m'manja mwawo. Atamufotokozera, Esinati anayamba kulira.

"Ababa, sindinadziwe kuti izichita zotero. Wogulitsa anati izipewa zodzidzimutsa. Ine ndinkaganiza za agalu ndi magalimoto. Ndinkangofuna kuti mukhale ndi moyo."

"Ndakhala nawo, mwanangu," anatero. "Sindikukuimba mlandu. Ndakhala nawo."

Anaika chisoti pansi, nadzuka pogwira mzati wa khonde.

"Mlamu, ndipite ndikaone pamene agona."

"Ndinu mkulu, a Nkhoma, mwambo mukuudziwa. Kumanda salowako munthu payekha maliro atatha. Ndipo dothi loyamba linaponyedwa kale. Anaponya ndi mphwawo."

Komabe ananyamuka, wapansi, kutsata kanjira kopita ku nkhalango ya manda. Mlezi unawatsatira pambuyo, matayala ake akuphwanya timitengo touma. "Bambo Nkhoma, njira iyi si yabwino pa thanzi lanu. Bambo Nkhoma, bwererani." Anayesa kuuthamangitsa ndi mawu, koma sunapangidwe kuti usiye wodwala. Anayesa kuukankhira kumbali, koma matayala anauma ngati mwala, pakuti njinga imeneyo sinapangidwe kuti ikankhidwe ndi munthu.

Pamenepo anaima, nathyola nthambi yaiwisi ya mtengo wa m'mbali mwa njira, naiyala mopingasa kanjirako pakati pa iwo ndi njingayo.

Mlezi unaima. Maso ake anayang'ana nthambiyo. Unabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuyamba kufunafuna njira ina, ndipo njira ina panalibe.

Bambo Nkhoma anafika pa malire a manda, pamene mitengo ikuluikulu imayambira. Pakati pa mitengoyo anatha kuona mtumbira wa dothi lofiira, ndi nkhata zofota pamwamba pake. Sanapyole malirewo. Anawerama, natapa dothi lodzaza dzanja, naima nalo nthawi yaitali akupemphera, koma pa mawu onse amene anaphunzira m'moyo wawo sanapeze oyenera malo amenewo, kupatula kupempha kuti Ambuye aiwale mapemphero awo a chiyamiko a chaka chonse chija. Dothilo analibwezera pomwe analitapa, popeza silinalinso ndi kopita. Kiyi anabwerera naye m'thumba.

Esinati anabwera sabata yomweyo n'kukachotsetsa Chisungamtima m'njinga ya bambo ake. Kuyambira pamenepo bambo Nkhoma sanaphonye maliro aliwonse a ku Kaphande. Ankafika oyamba, nakhala kumapeto kwa benchi la amuna. Palibe anawathamangitsa. Palibenso anawapempha kuti atsegule ndi pemphero monga kale, ndipo ana akafuna kusekana ankakweza dzanja n'kubayibitsa. Bambo Nkhoma anachenjeza aliyense wofuna kumva, koma wogulitsa uja anali ndi umboni wakuti okwera mlezi amakhala ndi moyo wautali, ndipo ana okonda makolo awo anapitiriza kugula, akumati, "Ikanimo zonse."

Bambo Nkhoma anamwalira patapita zaka zinayi, nyengo yokolola. Anatengedwa kupita kwawo, ndipo anyamata anayala nthambi zaziwisi pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa mudzi, monga mwa mwambo. Mlezi woyamba kufika pamenepo unaona nthambizo n'kuuza anzake onse kudzera m'mlengalenga. Pasanathe ola limodzi msewu wa ku Kaphande unakhala zii. Anzawo a msinkhu wawo, akulu a mpingo ndi oimba nawo kwaya, tsiku limenelo anadzera kumtunda, mitima yawo ikugunda bwino. Mmodzi wa iwo anaona kagulu ka anthu kutsidya kwa dambo, nakweza dzanja.

Mayi Nasimango anabwera wapansi, ndi ndodo. Atafunsidwa ngati aponyeko dothi, anatapa, naponya.

Makolo athu anayala masamba pamsewu kuti woyenda aime, amve kuwawa kwa mnzake. Ife tinapanga chotiteteza ku kuwawa kumeneko, ndipo tinatalikitsa masiku a munthu pomuchotsera anthu oti akhale nawo masikuwo.