Luse ndi Liwu Lalitali

Luse amakhala ku komboni ya George. Bambo ake amakonza mafuliji. Luse ankafuna kuti anthu onse adziwe zimenezi.

Lolemba, aphunzitsi ake, Ba Mpundu, anauza ana nkhani.

"Lachisanu kubwera makolo. Aliyense adzanena ntchito ya kholo lake m'Chingelezi."

M'Chingelezi, fuliji ili ndi dzina lalitali. Ba Mpundu analilemba pabolodi: refrigerator.

Luse anaimirira. Anayesa kuliwerenga.

"Re... refi... refijeta!"

Ana anaseka. Goliati, wokhala kumbuyo, anaseka koposa.

"Lilime lamangika!" anatero Goliati.

Ba Mpundu anamumvera chisoni Luse.

"Ungokamba fridge chabe. Ni lalifupi."

Luse anapukusa mutu.

"Iyayi, Ba Ticha. Pa chikwangwani cha batate pali lalitali. Nifuna lamene ilo."

"Ni lovuta, Luse."

"Olo likhale lovuta!"

Ba Mpundu anamwetulira.

"Chabwino. Liwu lalitali timaliduladula. Omba m'manja."

Anaomba pamodzi. Re. Fri. Ge. Ra. Tor. Zidutswa zisanu!

"Manje mvera," anatero Ba Mpundu. "Chachiwiri ndiye champhamvu. Re-FRI-ge-ra-tor."

Kunyumba kunali fuliji yakufa pakhonde. Luse anaigogoda. Go, GO, go, go, go!

Lachiwiri anagogoda. Lachitatu anagogoda. Lilime linkakanabe.

"Luse, chongo!" anakuwa amayi, atatopa ndi phokoso. "Pumulako!"

"Sinipumula, amayi. Liwu ili silinganigonjetse."

Lachinayi anagogodanso. Chala chinawawa. Luse sanaleke.

Lachisanu linafika. Makolo anadzaza kalasi. Bambo a Luse anabwera atavala ovololo yawo ya kuntchito, chikwama m'manja.

Luse anapita kutsogolo.

"Refijeta," ananong'ona Goliati.

Luse anamuyang'ana m'maso. Sanaphethire. Goliati anazolika.

Luse anakoka mpweya. Analankhula mokweza.

"My father repairs re-FRI-ge-ra-tors!"

Makolo onse anaomba m'manja. Bambo anaimirira. Anavula kapusi, naikweza m'mwamba.

Pobwerera kunyumba, bambo anamugwira dzanja. Anayang'ana uku ndi uku. Kenaka anawerama.

"Luse, liwu lija na ine nimaliopa. Niphunzitseko."

Luse anaima pakati pa njira.

"Ikani chikwama pansi, batate. Ombani m'manja."

Bambo anaika chikwama cha masipanala pansi. Anaomba.

"Re... refi..."

"Pang'onopang'ono, batate," anatero Luse. "Tiyambirenso."