Phini wa Aroma Wotsukidwa ndi Phulusa

Kwa a Amock ku Kabwata, m'dziko la Zambia, kunalibe chuma, koma mapemphero ndi mbiri yabwino zinalipo. M'zaka zija za chipani chimodzi, ntchito ikusowa ngati sopo, iwo ankaphikira dokotala wina wa ku Italy ku Kabulonga, ndipo sanasowetsepo ngakhale supuni. Atapempha kuti mwana wawo Emmy azisesa m'nyumbamo, dokotala anangovomera.

"Mwanawe, ukulowa pa dzina langa," anatero bambowo. "Manja azigwira tsache basi."

M'kabati yagalasi munali phini wamkuwa, wopindika ngati uta, wobiriwira ndi dzimbiri. Dokotala ankati Aroma akale, omwe aja Paulo anawalembera kalata, ankamangira nsalu paphewa ndi phini wotere, mabatani kulibe.

Emmy anakauza Morris, chibwenzi chake, amene ntchito yake inali kuimirira pa Cairo Road ndi kudziwa zonse.

"Iwe, mzungu angakhomele dzimbili mu galasi? Pansi apo ni golide. Bwela nayo, tikwatilane mwezi uno."

Lachinayi phini anatuluka m'nyumbamo ali mu duku. Tsono Emmy analeredwa bwino: chinthu chakuda sapita nacho kwa anthu. Anakhala kuseri kwa nyumba ndi phulusa, mchenga ndi ndimu, nakwecha monga akwechera poto. Zimene zaka pafupifupi zikwi ziwiri zinamata, iye anazichotsa mkono usanatope.

Emmy ndi Morris anapita naye kwa a Kabamba, wogula zinthu zakale m'tauni, amene anamutembenuza phiniyo kamodzi kokha naseka.

"Shani, ba sisi, mwabweletsa mkuwa ku Zambia? Tili nao wambili! Chamtengo linali dzimbili lija. Manje ici ni waya. Komanso ba dokota afunsa kale pano m'mawa."

Morris anati akukagula fodya. Mpaka lero akugulabe.

Emmy anakagwada pakhonde la dokotala, a Amock ataima pambali, chipewa chili m'manja.

"Bwana, mwana wabweza," anatero a Amock.

"Wabweza chiyani?" anafunsa dokotala, akuyang'ana kachitsulo konyezimirako.

Apolisi sanaitanidwe. Anangochotsedwa ntchito onse awiri, opanda kalata yaumboni, ndipo anthu a ku Kabulonga amauzana. A Amock anagogoda pa mageti kufuna ntchito miyezi isanu ndi itatu, kenaka anasiya. Kutchalitchi anatula okha udindo umene anali nawo, nasamukira pa benchi yakumbuyo. Emmy amawaphikira tsiku ndi tsiku. Amadya, nathokoza Mulungu, koma mwanayo samuyang'ana.

Ana inu, musabe. Wakuba amaba yekha, koma chilango amagawana ndi amene anamubereka.