Ndili ndi Shuga

Basi ya ku Chipata inali itangodutsa pamene Kefasi anamuona Luwiza koyamba pa siteji ya Kamwendo. Unali mwezi wa Okutobala, chaka cha 2008, dzuwa likuswa mtengo. Kefasi ankagula mtedza kwa alimi n'kukagulitsa kumalire, ndipo pakamwa pake sipankatera ntchentche. Luwiza anali telala wa pakhonde la golosale ina, ndipo tsikulo ankadikira minibasi ya ku boma.

"Chemwali, dzuwa ili likuonongerani khungu. Landirani Fanta wozizira."

"Zikomo, koma sindimwa. Ndili ndi shuga."

"Shuga!" Kefasi anaomba m'manja. "Mabelo angati? Ku Chipata akumulimbirana. Ndiye kuti ndakumana ndi bwana!"

Luwiza anaseka mpaka misozi. Zaka zinayi chiyambireni kudzibaya jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo, sanaonepo mwamuna womva mawu amenewa osasintha nkhope. Chibwenzi chake choyamba chinatha tsiku lomwe anaulula. Koma uyu akuchita nazo nthabwala! Mumtima anati, "Wamva, ndipo sanaope."

Kumva kwake kuti? Pa Kamwendo masiku amenewo munthu akati ali ndi shuga, anyamata a geni ankangoona mapaketi oolotsa malire. Kefasi anabwerera kwawo akudzitama kuti wapeza mkazi wodziwa bizinesi.

Chikondi chinagwira msanga. Foni ya Luwiza sinkapuma.

"Shuga wanga, wadzuka bwanji? Ndikapanda kukuona ngakhale sikelo ndimaiwerenga molakwika."

"Inu a Kefasi, bodza! Mwauza angati lero?"

"Iwe wekha. Kaya mvula, kaya chilala, ine ndi iwe mpaka imvi."

Nthawi zina akakumana, Kefasi ankamufunsa, "Nanga shuga uja zikuyenda?"

"Masiku ano watsika."

"Usadandaule, akweranso."

Luwiza ankangomumenya kakhofi paphewa. Munthu wanthabwala bwanji! Anthu awiri, nkhani ziwiri, aliyense akukhulupirira kuti akumvana.

Zinaululika mu Febuluwale. Esitele, mlongo wake wa Kefasi, anabwera kudzayesa diresi kunyumba kwa Luwiza. Ludzu litamugwira anavundukula kamtsuko kamene kanali pakona, koma m'malo mwa madzi anapeza mchenga wonyowa, pakati pake timabotolo tiwiri ta mankhwala tosungidwa pozizira. Pambali panali kachitini ka majakisoni. Sanafunse kanthu. Anatsanzika mwaulemu, n'kupalasa njinga ngati akuthamangitsidwa.

Madzulo uthenga wa Kefasi unafika pafoni.

"Esitele waona zonse. N'chifukwa chake umapita ku boma mwezi uliwonse? Akuti ndi matenda aja. Unandibisiranji?"

Luwiza anayankha pomwepo. "Si matenda amene mukuganizawo. Ndi shuga. Ndinakuuzani tsiku loyamba pa siteji."

Anadikira. Anaflasha kawiri. Foni inali yozimitsa.

Analira, tisabise. Analira mpaka maso kutupa. Chinamupweteka kwambiri si kuthawako, koma kuzindikira kuti miyezi inayi yonse ankanyadira kulimba mtima kumene kunalibe. Kodi ndiye kuti dzina lokoma lija linali la mapaketi?

Nthawi ya jakisoni itakwana anakhala pamkeka akuyang'ana kamtsuko kaja. Pamene woyamba uja anamusiya, Luwiza anataya mtima. Anakhala masiku atatu osadzibaya, ndipo anatsitsimukira pabedi la chipatala, mayi ake akulira pambali. Kodi abwerezenso chifukwa cha wogula mtedza?

"Thupi ili ndi langa," anadziuza. Anasamba m'manja, anayeza mankhwala, anatsina khungu la pantchafu n'kubaya. Kenako anadya. M'mawa anachita chimodzimodzi, n'kukatsegula makina ake pa nthawi yake.

Patatha milungu itatu linakwana tsiku lokatenga mankhwala. Pabenchi ya odwala shuga ankadziwana onse, ndipo podikira dokotala ankauzana zimene kunyumba sakanazinena. Bambo Benedicto, mphunzitsi wopuma wa ku Dambe amene anali atadzibaya zaka khumi ndi zisanu, anangomuyang'ana kamodzi.

"Mwana wanga, nkhopeyi si ya shuga. Ndi ya mwamuna."

Luwiza anawafotokozera zonse. Atafika pa mabelo, benchi yonse inagwa nako kuseka, mpaka nayenso anaseka, koyamba chichokereni Kefasi.

"Wadumphitsako jakisoni?"

"Ngakhale mmodzi, bambo."

"Basi, wapambana. Ine akazi anga poyamba ankandibisira masupuni poopa kutengera. Lero ndi amene amandikumbutsa nthawi. Munthu amaopa chimene sanachifunse."

"Safunsa anadya phula," anatero munthu wina kumbuyo, "ndipo ine ndadya lambiri."

Anali Kefasi, chipewa chili m'manja, thonje lili pachala. Anali atabwera m'mawa kwa anamwino ndi mafunso odzaza tsamba, mpaka anapempha kuti nayenso amuyeze.

"Luwiza, ndinachita mantha, kenako manyazi. Ndinazimitsa foni chifukwa sindinkadziwa poyambira. Ndikhululukire, wapamtima wanga."

"Mwafuna chiyani kuno?"

"Iwe."

"Ine ndimabwera ndi kamtsuko, a Kefasi. Sindichira. Ndimadya pa nthawi, ndimadzibaya pa nthawi, ndipo ndinasiya kubisala. Mukandifuna, mukawauze kwanu dzina lenileni la matenda anga, ndi pakamwa panu pomwepo."

"Ndikawauza. Loweruka tipite limodzi ku Chiosya, akakuone amayi."

Loweruka Luwiza anadzibaya m'mawa monga mwa masiku onse, anadya phala, nanyamuka. Ku Chiosya anawalandira bwino. Mayi a Kefasi anali atamva zonse kwa mwana wawo, koma ankamuyang'ana mlendoyo mosamala ngati dzira. Esitele sankadzutsa nkhope.

Vuto linali nkhuku. Inakana kugwidwa mpaka dzuwa litafika pamutu, ndipo amalume ake a Kefasi amene anayenera kukhalapo pa chakudya anali asanabwere kudimba. Wani koloko inadutsa. Thu koloko inayandikira. Maswiti amene Luwiza ankayenda nawo anali m'chikwama, ndipo chikwamacho anali atachilandira n'kuchitsekera kuchipinda, monga amachitira ndi katundu wa mlendo.

Thukuta lozizira linayamba. Zala zinayamba kunjenjemera. Ankadziwa bwino tanthauzo lake: shuga watsika kwambiri. Koma mtsikana wobwera kudzaonekera kwa apongozi angapemphe chakudya? Mawa lake mudzi wonse udzati mkazi wa Kefasi ndi wosusuka! Akhale chete, agwe pamaso pawo?

Anagwada bwinobwino. "Amayi, mundikhululukire. Ndiyenera kumwa chotsekemera pompano, kenako ndidye."

"Ayi!" Esitele analumpha. "Wa shuga sapatsidwa zotsekemera. Timupha!"

Kefasi anali atalowa kale m'nyumba. Anatuluka ndi kapu ya madzi, akutakasa masupuni atatu a shuga.

"Choka apo, Esitele. Akakwera ndi zina, akatsika ndi zina. Ndinafunsa." Anamugwirira kapu. "Imwa, wokondedwa. Pang'onopang'ono."

Luwiza anamwa. Mayi aja anathamangira kukhitchini n'kubwera ndi mbatata zotsala m'mawa. Patapita mphindi zochepa maso anayera, manja anakhazikika. Onse anapumira pamodzi.

Manyazi ndiye anamugwira tsopano. "Pepani amayi, ndakuchititsani..."

"Wapepesa chiyani?" Mayiwo anamukhalira pafupi n'kumupukuta pachipumi ndi nsonga ya chitenje. "Ine chimene ndimaopa ndi mkamwini kapena mpongozi wofera mkati chifukwa cha ulemu. Iwe wanena. Uzinena choncho."

Esitele anasendera, misozi ili m'maso. "Alamu, ndinalankhula zimene sindinazidziwe."

"Zatha, alamu. Diresi lanu lija likukudikirani."

Amalume anatulukira pachipata, khasu lili paphewa, n'kudabwa kuona mlendo akudya iwo asanasambe m'manja.

"Kodi mwayamba popanda ine?"

"Khalani pansi, achimwene, tikambe za chinkhoswe," anatero mayi a Kefasi. "Ndipo muzolowere. Pakhomo pano kuyambira lero tizidya pa nthawi ya Luwiza."