Wodwazika Wachiwiri wa Mayi Aang'ono

Madzulo amenewo wailesi ya kwa aneba inkalira monga mwa masiku onse, ndipo Kasingano anali atagwada pambali pa bedi la mayi ake aang'ono, kapu yapulasitiki ili m'manja. Dzina limeneli anamupatsa ndi amayi osoketsa zovala, poti anali telala, wowonda, ndipo akayankhula mawu ake ankabaya.

Mayi aang'onowo anali atangotuluka kumene m'chipatala. Kudwala ayi, musawamvere chisoni msanga. Anakadulitsa khungu ndi mafuta a pamimba kuti chiuno chibwerere cha pautsikana. Anabwerako atamangidwa lamba wothina, akuyenda chowerama, timachubu tiwiri tikutuluka m'munsi mwa mimba. Kunsonga kwa kachubu kalikonse kunali kabotolo kofewa ngati mpira, momwe munkagwera madzi ofiirira ochokera m'bala.

Tsiku lowatulutsa, nesi anafotokoza mobwerezabwereza. "Mukakhuthula, finyani kabotoloka mpaka kaphwe, ndiye mutseke musanataye dzanja. Kakakhala kofufuma sikakoka kanthu. Madzi amatsalira m'kati, bala n'kuyamba kuola."

Kasingano anangogwedeza mutu. Zimenezi ankazidziwa kale, ndipo anazidziwa mowawa.

Mayi ake omubala anawachotsa bere chifukwa cha khansa, nawonso anabwera kunyumba ndi kachubu m'khwapa. Iye anali kusukulu yogonera konko, ndiye wowadwazika anali mng'ono wawo yemweyu. Atabwera kudzawaona, anapeza kabotolo katafufuma, chotsekera chili lende, mayi ake thupi lili moto. Mng'ono wawo anali pabalaza, akuseka chikhakhali ndi mlamu wawo, bambo ake a Kasingano. Kasingano atafunsa, anamuyankha akupala zikhadabo, "Aaa, ine zimenezo zimandichititsa nseru." Maliro anachitika. Chaka chisanathe, masutikesi a mayi aang'ono anali atalowa m'chipinda cha malemu.

Ndiye lero, bambo ake poti ndi dalaivala wa malole ali kutali pamsewu, wokhuthula madzi a mayi aang'ono anali Kasingano. Dziko ili, abale!

"Iwe, usandikoke! Manja ngati okhomera misomali."

"Pepani, mayi aang'ono."

"Bambo ako akabwera sandizindikira," anatero akudzisisita palamba. "Mkazi uzidzisamala. Akulu anga aja anadzilekerera, n'chifukwa chake mwamuna ankayang'ana kumbali."

Kasingano anamva mtima kuwira mpaka m'makutu. Chidani chimene anachisunga zaka zonsezi chinasefukira. Anakhuthula timabotolo tonse tiwiri, koma sanafinye. Zotsekera anangoziika pamwamba, osakanikiza. Anatimangirira kulamba ndi mapini, nafunditsa bulangeti mwaulemu wake wonse.

"Mugone bwino," anatero. Mumtima ankati, mulaweko nanunso.

Mankhwala opha ululu anawagonetsa msanga. Kasingano anakakhala pamakina ake osokera m'chipinda choyandikana nacho, diresi la mwini lili pamiyendo. Ulusi unkakana kulowa pasingano. Wailesi ya kwa aneba inazima. Nyumba inati zii.

Kenaka anamva. Fyooo.

Anaimika mutu. Phokoso limenelo ankalidziwa, la kabotolo akakafinya. Koma mayi aang'ono sankatha n'kuwerama komwe, ndipo m'nyumbamo anali awiriwiri.

Fyooo.

Anavula masilipasi, nayenda monyang'ama m'khonde. Chitseko chimene anatseka yekha chinali chotsekuka pang'ono. Fungo linamulandira asanafike, fungo la bala lakale losatsukidwa. Anasuzumira.

Munthu anali atakhala m'mphepete mwa bedi, msana kuchitseko. Mayi wowonda, tsitsi lothothoka. Chovala chake chinali chong'ambika m'mbali, ndipo m'khwapa munkatuluka kachubu. Kabotolo kake kanali kofufuma, kodzaza zakuda bii. Mayiyo anali atachotsa kabotolo ka wodwala. Analumikiza kake pakachubu kaja, n'kumafinya pang'onopang'ono, mosamala, ngati wodyetsa khanda. Zakudazo zinkakwera m'kachubu, kulowa m'mimba. Mayi aang'ono anabuula m'tulo.

Kasingano anayang'anitsitsa msanawo. Mapewa amenewo anakulira kumbuyo kwake, sakanawasokoneza ndi a wina.

"Amayi?"

Munthuyo sanacheuke. Dzanja linapitiriza kufinya.

"Pita ukagone, mwana wanga," anatero ndi mawu omwe aja a m'mawa wopita kusukulu. "Usadetse manja ako. Mng'ono wanga ndimudwazika ndekha."

Kasingano sakumbuka mmene anabwerera kuchipinda kwake. Anakhala pansi atatsamira chitseko mpaka mbalame zinayamba kulira, mantha atamugwira. Ndipo ndisakubisireni, pansi pa manthawo panali chisangalalo.

Kutacha analowa ndi kapu ija. Timabotolo tonse tinali tophwa bwinobwino, totsekedwa mokanikiza, mapini ali m'malo mwake. Ngakhale nesi sakanapezapo cholakwa.

"Kodi usiku unabwera?" anafunsa mayi aang'ono, maso ali lende ndi tulo. "Manja ako kuzizira ngati wawatulutsa m'firiji. Uzipukuta kaye usanandigwire, wamva?"

"Ndamva."

Pofika masana timabotolo tinali titadzaza. Madziwo sanali ofiirira ayi. Anali akuda, ndipo atawathira m'kapu, kapuyo inazizira m'manja.

Dokotala anali atanena kuti madzi akachepa, timachubu adzatichotsa. Koma kuchepa kwake kuti? Anzawo amene anachitidwa nawo opaleshoni anachotsedwa kalekale, ena anayamba kale kujambulitsa zithunzi atavala zothina. Iwo ayi. Anawayeza magazi, anawaunika m'mimba, anawasinthira mankhwala, osapeza kanthu. Dokotala anafika pomuuza Kasingano kuti akhuthule iye akuona. Anakhuthula, anafinya, anatseka. Dokotala anakanda mutu n'kunena kuti wodwazikayu palibe chimene akulakwitsa. Ndipo zinali zoona, chifukwa kuyambira usiku uja Kasingano sanaphonyeko ngakhale kamodzi.

Bambo ake atabwera, anagona m'chipindamo tsiku limodzi lokha. Mawa lake anatenga pilo kupita pasofa, ati fungo. Sabata isanathe anapeza ulendo wina wautali. Chiuno cha pautsikana chija anangochiona chitamangidwa lamba.

Aneba nawo sagona. Mayi wosesa pamasitepe a nyumba yosanja imene ankakhalamo anauza wogulitsa masamba kuti m'bandakucha amakumana ndi mzimayi akutsika, atapanira kanthu m'khwapa, osayankha moni. Wogulitsa masambayo anauza amayi odzasoketsa, ndipo iwo ankanong'onezana Kasingano akatembenuka kukatenga tepi. Ankati madzi amene akutuluka m'mimba mwa mayi uja si ake, akubweza a mwini.

Tsiku lina dzuwa litangolowa, Kasingano atamaliza kutseka kabotolo kachiwiri, mayi aang'ono anamugwira pamkono. Anali atatha, masaya atalowa, zikhadabo zija zitathyokathyoka.

"Mwana wanga."

Chibadwire anali asanamuitanepo choncho.

"Dzulo mankhwala sindinamwe. Ndinangotseka maso." Anamukokera pafupi. "Ndawaona. Ndinafuna kukuwa, mawu osatuluka. Ndimamva zikulowa, mwana wanga, zozizira, mpaka kumsana. Thupi langa likutha."

Kasingano anaika kapu ija pansi.

"Ndinalakwa, ndikuvomera. Ndinkaona kabotolo kaja kakufufuma, ndinkadziwa. Chonde, gona muno lero. Akabwera undipepesere. Iwe ndi mwana wawo, akumvera. Ukangoti Amayi basi, asiya."

Kasingano anadziwa kuti zimenezo n'zoona. Mayi ake sankamukaniza kanthu. Liwu limodzi lokha, timachubu tikanachoka, bala likanapola. Chisoni chinamugwira ndithu, poti anali munthu. Anayang'ana nkhope yonyowa ndi misoziyo nthawi yaitali, kufunafuna pamene angaikhululukire. Sanapapeze.

Anachotsa zala zawo pamkono pake, chimodzichimodzi. Anakonza pilo, nawafunditsa bulangeti mpaka pachifuwa.

"Muwauza nokha, mayi aang'ono. Si akulu anu?"

"Usandisiye! Iwe, chonde!"

Kasingano anazimitsa getsi, natuluka. Chitseko anachisiya chotsekula, kuti wobwerayo asavutike.