Chipeso cha Apongozi

Galimoto yodzatenga zithunzi inali yoti ifika masana, koma chidzukireni wojambula zithunzizo sanakhale pansi. Ankangozungulira m'chipinda chake chonunkha penti, kutola burashi, kuisiya, kusuzumira pawindo. Zithunzi za chionetsero chake, zonse za abambo akuda ndi ana awo, anali atazikuta kale. Chinatsala chimodzi, ndipo ndi chimenecho chinawatulutsa m'nyumba apongozi ake, amakaniko opuma ntchito, osaitanidwa.

Analowa n'kumenyetsa chitseko.

"Ndamva kuti mukufuna kukandivula pagulu. Chili kuti?"

Chinali pakhoma pomwepo. Pachithunzipo iwowo ali mu ovolosi ya girizi, kamwana kawo kakakazi kali pakati pa mawondo awo, akukaluka tsitsi. Mkazi wawo atamwalira, ankachita zimenezi Lamlungu lililonse atatseka makatani, kuti anzawo a kugalaja asadziwe. Munthu wa ndevu zake, ati angasekedwe!

"Chikangotuluka pakhomo pano, ine mkamwini ndilibe. Mwananso ndilibe."

Mwana wawoyo, mkazi wa wojambula, anagwada misozi ili chuchuchu.

"Ababa, ndinamuuza ndine. Kusukulu ankandifunsa kuti amakuluka ndani, ine n'kumanama kuti azakhali. Zaka zonsezi bodza limeneli likundiwawa."

"Khala chete iwe! Za m'nyumba n'zopachika pakhoma?"

Kenako wojambula analankhula.

"Bambo, ine wondibereka sindimudziwa ndi nkhope yomwe. Ndajambula amuna ambiri, amphamvu, a zifuwa zawo. Bambo amene ndinkamulira ndili mwana ndi uyu. Mukakana, chitsala, sindikutsutsani."

Panja hutala inalira. Galimoto ija.

Mkuluyo anayenda kufika pachitseko, n'kubwerera. Anavala magalasi, n'kuyandikira chithunzicho mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda penti. Anakhala nthawi akuyang'ana kamutu ka mwana kaja. Kenako msozi unatsika, ndipo sanaupukute.

"Mwalakwitsa," anatero ndi mawu osasa.

"Pati, bambo?"

"Chipesocho. Mwandigwiritsa m'manja. Woluka uti amagwira chipeso m'manja? Ndinkachiluma pakamwa, manja onse ali m'tsitsi."

Mwana wawo anaseka akulira.

"Kamuuze dalaivalayo adikire," anatero bambowo kwa mwana wawo, akukoka mpando. "Ukatero bwera ukhale apa, masula dukulo. Inu amwene, tengani burashi muone bwino. Anthu asakanene kuti sindinkatha."