Dzanja Lolemera la Nyundo

Nyundo analowa mumsika maso ali psuu, osapereka moni kwa munthu. Dzinali anam'patsa ndi mayi ake ali mwana, chifukwa chilichonse chimene wagwira chinkasweka. Atakula anakhala wowotcherera zitsulo, ndipo manja ake anachita kuuma gwa. Tsiku limeneli manjawo ankafuna mng'ono wake.

Mayi awo, amene anali okalamba ndithu, anali atamwalira milungu itatu yapitayo. Chimene Nyundo anatsala nacho chinali foni yawo yakale, momwe munali mawu amene anamujambulira ali m'chipatala. M'mawa uliwonse asanayatse makina ankaiika pakhutu. Mayi ankatsokomola kawiri, kenako n'kunena kuti, "Mwanawe, lero ndadzukako bwino, usadandaule. Uzidya usanapite kuntchito. Ndipo iweyo..." Mawuwo ankadukira pomwepo. Tsiku lina foniyo inangozima, ndipo anaipereka kwa Mzime, mng'ono wake, amene ankakonza mafoni mumsikamo. Mzime anaibweza ikuwala ngati yatsopano, koma mawu a mayi munalibe.

"Amayi wawapititsa kuti?" anafunsa Nyundo, akumenyetsa foniyo patebulo.

"Achimwene, takhalani kaye pansi," anatero Mzime. "Inakaniratu kuyaka, ndiye ndinafufuta zonse kuti iyambirenso. Ndimayesa mawu aja munawasunganso kwina."

Nyundo sanafune kumva zambiri. Anakankha kabati yagalasi n'kugwa phwaa, mafoni a eni ake mbwee pansi. Anam'gwira Mzime pakhosi n'kum'patsa chibakera pakamwa, ndipo chachiwiri chinam'gwetsera pa magalasi osweka aja. Mayi wogulitsa sopo pafupi anakuwa, anthu anathamangirako, koma panalibe wolimba mtima kuyandikira. Mzime sanabwezere. Anangokweza dzanja kuti atchinjirize nkhope, ndipo mpando wachitsulo umene Nyundo anali atanyamula unatera pa zala zake. Panamveka kuthyoka ngati kwa nkhuni zouma. Mpandowo anauwotcherera ndi Nyundo yemweyo, n'kum'patsa mng'ono wake tsiku limene ankatsegula shopu.

Nyundo anachita kum'gwira amuna anayi. Ataona magazi pa malaya a Mzime, mkwiyo wonse unam'thera, n'kutsala manyazi okhaokha.

Mlongo wawo wamkulu, amene anali mphunzitsi, anafika kuchipatala choko chidakali m'manja. Anam'peza Nyundo atazyolika pabenchi.

"Manda a amayi dothi silinaume, iwe ukufuna tikumbenso ena?" anatero. "Dokotala akuti zala ziwiri zathyoka, ndipo chimodzi mwina sichidzapindikanso. Mwana uja amadyera zala zomwezo. Tiye, akukuitana."

Nyundo analowa m'chipinda cha odwala. Mzime anali chigonere, dzanja lili m'chikhakha, milomo itatupa. Anayang'ana mkulu wakeyo kwa kanthawi, kenako anatsokomola kawiri.

"Mwanawe, lero ndadzukako bwino, usadandaule," anayamba Mzime, akukoka mawu monga ankachitira mayi. "Uzidya usanapite kuntchito."

Nyundo anagwira chitsulo cha bedi. Mawu aja sanamvetsepo munthu aliyense, ngakhale mkazi wake.

"Wawadziwa bwanji?"

"Foniyo ndinawagwirira ndine, achimwene. Manja awo ankanjenjemera. Chala changa ndi chimene chinaterereka n'kudula, koma iwo anapitiriza kulankhula osadziwa."

"Ndiye anati chiyani?"

"Sindinafune kukuuzani pamaliro, ndinkaopa kukuwonjezerani chisoni."

"Nena, mng'ono wanga. Milungu itatu yonseyi ndakhala ndikudzifunsa."

Mzime anatsitsa mawu. "Anati, 'Ndipo iweyo dzanja lako ndi lolemera. Ukakwiya uzilipisa m'thumba. Ine woleretsa ndikupita.'"

Nyundo anayang'ana manja ake, kenako chikhakha chija. Pamaliro sanagwetse msozi ngakhale umodzi, moti anthu ankati ndi mwamuna wolimba. Apa analira ngati mwana wotayika pamsika, mapewa akugwedezeka, mpaka odwala ena anadzutsa mitu.

Mlongo wake anam'khazika pabedipo n'kumusisita kumsana. "Lira, wachedwa nako," anatero, iyenso misozi ili chuchuchu. "Tonsefe tikuwasowa. Akanakhalapo lero, bwenzi atakuthamangitsa ndi tsache mpaka kumsewu, ndodo yawo ataiiwala pakhomo."

Mzime anafuna kuseka koma mlomo unam'pweteka. "Ndikhululukireni za foni ija, achimwene. Ndikanafunsa kaye."

"Ayi, wopepesa ndine, ndipo kupepesa kwanga sikulunzanitsa zala," anatero Nyundo. "Ukatuluka ukakhala kwathu mpaka uchire. Kabati ndikakonza ndekha."

Namwino anabwera ndi mankhwala ndi madzi m'kapu yagalasi. Mzime analephera kuigwira. Nyundo anailandira ndi manja onse awiri, mosamala kwambiri, n'kuifikitsa pa milomo yotupa ija. Madzi sanatayike ngakhale dontho.

Mng'ono wake atamwa, Nyundo anaika kapuyo pansi pang'onopang'ono, n'kupisa manja onse m'thumba.

"Tanenanso," anapempha. "Uyambire potsokomola paja."