Luckness ndi Njinga Yokwera Ndege

Unali m'mawa, dzuwa lisanayambe kutentha. Mvula inali itangokata. Udzu unali wonyowa.

Luckness anaima pa bwalo lalikulu kunja kwa Ntaja. Pa bwalopo panali ndege yaing'ono yoyera. Luckness ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuti njinga ya bambo ake ilowe m'ndegemo.

Bambo ake anali a Amosi. Iwo anali a zaumoyo. Ntchito yawo inali yopereka katemera kwa ana.

Kuseri kwa mapiri, madzi anali atakokolola mlatho. Galimoto sizinkafikako. Ana a kumeneko ankadikira katemera. N'chifukwa chake ndege inabwera.

Koma ndege sitera pakhomo pa munthu. Imatera pa bwalo. Kuchoka pa bwalo kukafika kumidzi ndi kutali. Njira yake ndi ya miyala ndi zitunda. Katemera sagwirizana ndi dzuwa. Munthu akayenda wapansi, katemera amawonongekera m'njira.

"Popanda njinga, ulendo palibe," anatero a Amosi.

Woyendetsa ndege anali a Cathy. Iwo anatsegula kachitseko ka katundu. A Amosi anabweretsa njinga yawo yakuda. Anailowetsa chakutsogolo. Inakana. Anailowetsa chakumbuyo. Inakana.

"Bambo, njinga yanuyi ndi ng'ombe," anatero a Cathy. "Ndege yangayi ndi kankhunda chabe. Pezani ina yaifupi. Pezani ina yopepuka. Tinyamuka mawa m'mawa."

A Amosi anakanda m'mutu. "Tikaidziwa bwanji yokwana? Ndege sitingapite nayo ku msika."

Luckness anayang'ana kachitseko. Kenako anayang'ana mapazi ake.

"Ababa, mukamakandigulira nsapato mumatani?"

"Ndimayeza phazi lako ndi kaudzu. Ndimapita nako ku msika."

"Ndiye nayonso ndege tiiyeze."

Luckness anathamangira kudambo. Anabwera ndi bango lalitali. Analigoneka m'malo a katundu. A Cathy analithyola pamene malo anathera.

"Njinga isapose bango ili," anatero a Cathy.

"Isapose bango ili," anabwereza Luckness.

Luckness ndi bambo ake anapita ku msika. Luckness ananyamula bango paphewa. A Amosi anakankha njinga yakuda ija.

Anafika kwa Che Usumani, ogulitsa njinga. Njinga zinali ndandanda pansi pa mtengo wa mango.

"Achimwene, tisinthane," anatero a Amosi. "Mutenge yangayi. Mundipatse yoti ikwere ndege."

Che Usumani anaseka. "Njinga kukwera ndege? Ine mwini wake sindinakwerepo. Nanga mayi wamng'onoyu bango ndi lachiyani? Abwera kudzatikwapula?"

"Iyayi," anayankha Luckness. "Ndabwera kudzayeza."

Che Usumani anatulutsa njinga ya kabaza. Inali yonyezimira. Inali ndi belu lolira bwino. Luckness anaika bango pambali pake. Njinga inaposa bango.

"Iyayi, iyi ndi yaitali," anatero Luckness.

Che Usumani anatulutsa kanjinga kofiira. Luckness anaika bango pambali pake. Kanjinga sikanapose bango. A Amosi anakwera. Mawondo awo anafika m'chibwano. Anyamata a kabaza anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Iyayi, aka ndi kanga aka," anatero Luckness. "Si ka ababa."

Che Usumani anatulutsa njinga yothamanga. Inali yopepuka ngati dengu. Luckness anagwira matayala ake. Anali owonda ngati chala.

"Ababa, kumene mukupitako kuli minga?"

"Iliko, mwanangu. Minga ndi miyala."

"Iyayi. Matayala awa akaphulika."

Dzuwa linafika pamutu. A Amosi anakhala pa benchi. Anavula chipewa.

"Mwina ndingoyenda wapansi," anatero motsitsa mawu.

"Katemera awonongeka, ababa."

Luckness sanakhale pansi. Analowa m'sitolo ndi bango lake. Anasuzumira kuseri kwa matayala akale. Kukona kunali njinga yobiriwira yodzaza fumbi. Matayala ake anali onenepa. Anali ndi timano timano.

"Nanga iyi?" anafunsa Luckness.

"Imeneyo ndi ya m'mapiri," anatero Che Usumani. "Ili ndi magiya. Pachitunda supalasa movutika. Koma anthu saifuna. Ilibe kaliyala. Thumba la chimanga ungaliike pati?"

Luckness anagwira njinga ija. Anainyamula yekha. Inali yopepuka.

Anaika bango pambali pake. Njinga inaposa bango. Inaposa ndi tayala lakutsogolo lokha.

Luckness anagwada. Anayang'anitsitsa tayalalo. Pakati pake panali kachitsulo kopindika.

"Aka n'kachiyani?"

"Takoka uone," anatero Che Usumani.

Luckness anakoka. Kachitsulo kanatseguka. Tayala linachoka lokha, popanda sipanala.

Luckness anaikanso bango. Tsopano njinga sinapose bango.

"Ababa, ndi imeneyi."

A Amosi anavalanso chipewa. Anabwezera tayala. Anapalasa kukwera kachitunda ka kuseri kwa mzikiti. Anabwera akumwetulira.

"Isiyeni igone konkuno," anatero Che Usumani. "Ndiipukuta. Ndithira oilo. Mawa m'mawa Bakari akubweretserani ku bwalo."

Kutacha, kumwamba kunali mitambo. Luckness ndi bambo ake anafika pa bwalo. Anabwera ndi azakhali ake a Luckness, a Monica. A Amosi ananyamula bokosi lozizira la katemera.

Bakari, mnyamata wa kabaza, anatulukira akupalasa njinga yobiriwira. Inali yoyera bwino. Koma kumbuyo kwake kunali chinthu chatsopano. Kunali kaliyala wamkulu wachitsulo, wotulukira kumbuyo ngati mchira wa tambala.

"Che Usumani akuti iyi ndi mphatso," anatero Bakari. "Akuti njinga yopanda kaliyala si njinga. Munthu wa ku Ntaja asakachite manyazi kwa eni ake."

Luckness anachotsa tayala lakutsogolo. A Amosi analowetsa njinga. Inalowa, inalowa, kenako inaima. Kaliyala anatsalira kunja. Kachitseko kanakana kutseka.

A Cathy anayang'ana kumwamba. "Mvula ikubwera. Ikayamba, sitinyamuka lero. Njinga ikakana, itsale."

A Amosi anangoyang'ana bokosi la katemera.

"Njinga sitsala," anatero Luckness.

Anagwira kaliyala. Anamugwedeza. Sanali wowotcherera. Anali womanga ndi mabawuti.

"Achimwene a Bakari, muli ndi sipanala?"

Bakari anapisa m'matumba. "Sipanala yanga imakhala pansi pa chishalo cha njinga yanga. Njingayo ndaisiya ku msika."

Luckness anayang'ana kumsewu. Anthu a kabaza ankadutsa, kupita ku msika.

"Wa kabaza aliyense ali ndi sipanala pansi pa chishalo?"

"Aliyense," anatero Bakari.

Luckness anathamanga. Matope anamuthovukira m'miyendo. Sanaime. Anafika pamsewu n'kukweza dzanja.

Woyamba anali atanyamula mayi wa mwana kumbuyo. Anangoimba belu n'kudutsa. Wachiwiri anali mkulu wa ndevu zoyera. Iye anaima.

"Ukupita kuti, mdzukulu?"

"Sindikukwera, agogo. Ndikupempha sipanala. Njinga ya ababa ikukana kulowa m'ndege."

"M'ndege? Zimenezo ndikaone ndi maso anga. Kwera."

Anafika pa bwalo. Mkulu uja anamasula legeni pansi pa chishalo. Anatulutsa sipanala.

A Amosi anagwira njinga. Bakari anamasula mabawuti. Luckness anatambasula diresi lake. Bawuti aliyense ankagwera m'diresimo. Sanataye ngakhale mmodzi.

Kaliyala anachoka. Njinga inalowa. Tayala linalowa. Kachitseko kanatseka bwinobwino.

"Kaliyalayu abwerere kwa Che Usumani," anatero a Monica.

"Iyayi, azakhali," anatero Luckness. "Bokosi la katemera ababa akaliika pati?"

A Cathy anamunyamula kaliyala kumuyesa kulemera. "Payekha akwana," anatero. Anamulowetsa kuseri kwa mpando.

Luckness anamanga mabawuti m'kansalu. Anaika m'thumba la malaya a bambo ake.

"Koma uko akamanga ndi chiyani?" anafunsa mkulu wa ndevu. "Tengani sipanalayi, bambo. Mudzabweza. Nayo ikwereko ndege."

A Amosi anathokoza ndi manja awiri. Kenako anaika dzanja pamutu pa Luckness.

"Uwamvere azakhali ako," anatero.

"Inu musaiwale kutseka kachitsulo ka tayala."

"Sindiiwala, mayi."

Ndege inalira. Inathamanga pa udzu. Inanyamuka. Inachepa, inachepa, mpaka inalowa kuseri kwa mapiri. Madontho a mvula anayamba kugwa.

Madzulo dzuwa litapendeka, mvula inakata. Luckness anali pakhonde ndi azakhali ake. Ankasankha nyemba m'lichero. Foni ya a Monica inalira.

"Ndi abambo ako. Tenga."

"Ababa, mwafika?"

"Ndafika, mwanangu. Njinga yakwera zitunda zonse. Katemera wafika adakali wozizira."

Luckness anamva phokoso m'foni. "Nanga akulirawo ndani?"

"Ndi ana. Angobayidwa kumene."

Luckness anaseka. A Monica anaseka. Kutali uko, a Amosi nawonso anaseka.

"Ndisiye kaye," anatero a Amosi. "Mzere udakalipo."

Luckness anabweza foni. Anakokera lichero pamiyendo pake. Anapitiriza kusankha nyemba.